KUPHUNZIRA MBIRI YA ASIKHI PA YUNIVESITE

M'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston anali kukhazikitsa boma la Angerezi ku Zomba, kunafika gulu la asilikali pafupifupi 70 ochokera ku India motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Oposa theka la iwo anali amuna a ndevu zosameta, ovala zilemba kumutu. Asilikali ameneŵa anamenyana ndi Makanjira m'mbali mwa nyanja, kumene Maguire anaphedwa m'Disembala chaka chomwecho, ndipo anzawo amene anabwera pambuyo pake analipo pamene linga la Mlozi linagonjetsedwa ku Karonga mu 1895. Mabuku ambiri a mbiri ya Nyasaland amangowatchula kuti Asikhi, nkhani nkuthera pomwepo. Safotokoza za midzi imene anachokera, chimene chinawachotsa kwawo, kapena chifukwa chimene sankametera tsitsi.

Mafunso otereŵa ali ndi mayankho ake, ndipo kuwafufuza ndi ntchito ya nthambi yapadera ya maphunziro imene ilipo pa mayunivesite ena a ku India, Britain, Canada ndi America. Nthambi imeneyi imaphunzitsa mbiri ya Asikhi ndi ya Apunjabi amene anabalalikira m'maiko akutali. Wophunzira amene wailoŵa amapeza msanga kuti ntchito yake siithera pa kuloŵeza zaka ndi maina. Eni ake a mbiriyo ali moyo, amaitenga kukhala yopatulika, ndipo zimene munthu wapa yunivesite alemba zikhoza kuwathandiza kubwalo la milandu kapena kuwapweteka mtima.

Dziko la mitsinje isanu

Phunziro limayambira ku Punjab, chigwa chachonde cha kumpoto chakumadzulo kwa India. Dzinali linachokera ku Chiperisiya ndipo limatanthauza madzi asanu, kunena mitsinje ya Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Apunjabi sali a chipembedzo chimodzi ayi. Ambiri a iwo ndi Asilamu, ena ndi Ahindu, ena Akhristu, ndipo ena ndiwo Asikhi. Mphunzitsi wabwino amatsindika mfundo imeneyi tsiku loyamba, chifukwa wophunzira amene asokoneza Mpunjabi ndi Msikhi adzasokoneza zonse zotsatira.

Chisikhi chinayamba ndi Guru Nanak, amene anabadwa mu 1469 m'mudzi wa Talwandi, umene tsopano umatchedwa Nankana Sahib ndipo uli m'dziko la Pakistan. Liwu lakuti Guru limatanthauza mphunzitsi, ndipo lakuti Sikh limatanthauza wophunzira. Nanak anaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti munthu adzidyera thukuta lake moona mtima nagaŵirako ena, ndiponso kuti palibe wobadwa wapamwamba kuposa mnzake. Mpaka lero pa kachisi aliyense wa Asikhi, amene iwo amamutcha gurdwara, pamaphikidwa chakudya chaulere chotchedwa langar, ndipo wolemera ndi wosauka amadya atakhala mzere umodzi.

Nanak atamwalira mu 1539 panatsatira Aguru ena asanu ndi anayi. Wachisanu, Guru Arjan, anasonkhanitsa nyimbo zopatulika m'buku limodzi mu 1604 naliika m'kachisi wa Harmandir Sahib ku Amritsar. Iyeyu anaphedwa mu 1606 mu ulamuliro wa mfumu Jahangir, ndipo Guru wachisanu ndi chinayi, Tegh Bahadur, anadulidwa mutu ku Delhi mu 1675 mu ulamuliro wa Aurangzeb. Mwana wake, Guru Gobind Singh, anakhazikitsa gulu la Khalsa ku Anandpur mu 1699. Oloŵa m'gululi amasunga zizindikiro zisanu: tsitsi losameta, chipeso, chibangili chachitsulo, kabudula wapadera ndi lupanga. Amuna amatenga dzina lakuti Singh, akazi lakuti Kaur. Asanamwalire mu 1708, Gobind Singh analamula kuti sipadzakhalanso Guru waumunthu, koma buku lopatulika ndilo lidzakhala Guru. Nchifukwa chake bukuli, la masamba 1,430, limatchedwa Guru Granth Sahib ndipo limalemekezedwa monga munthu wamoyo.

Patapita zaka pafupifupi zana limodzi, Asikhi anakhala ndi ufumu wawo. Ranjit Singh analanda mzinda wa Lahore mu 1799 nalamulira Punjab mpaka imfa yake mu 1839. Itatha nkhondo yachiŵiri yolimbana ndi Angerezi, ufumuwo unalandidwa mu 1849, ndipo mfumu yomaliza, Duleep Singh, amene anali akali mwana, anatengedwa kupita ku England mu 1854.

Zida za wofufuza

Kudziŵa nkhani imeneyi ndi chiyambi chabe. Chimene chimasiyanitsa yunivesite ndi sukulu ya sekondale nchakuti wophunzira amafunsidwa kuti umboni wake uli kuti. Kuti ayankhe, ayenera kuphunzira zinenero. Choyamba ndi Chipunjabi cholembedwa m'zilembo za Gurmukhi. Koma nyimbo za mu Guru Granth Sahib sizili m'Chipunjabi cha masiku ano chokha, popeza muli zinenero zina zakale za kumpoto kwa India ndiponso mawu a Chiperisiya. Makalata a mafumu a Mughal ndi a boma la Ranjit Singh analembedwa m'Chiperisiya, ndipo a boma la atsamunda ali m'Chingerezi ndi m'Chiurdu. Pali mwambi wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu akhoza kutha zaka zingapo asanathe kuŵerenga bwino kalata imodzi yolembedwa pamanja.

Umboniwo uli wa mitundumitundu. Pali mabuku a nthano za moyo wa Guru Nanak otchedwa janamsakhi, amene analembedwa iye atamwalira kale. Pali makalata a malamulo amene Aguru ankatumiza kwa otsatira awo. Pali malipoti a akuluakulu a asilikali, mabuku a kalembera wa anthu, ndi mindandanda ya okwera sitima zapamadzi. Zolembedwa za ofesi imene inkayang'anira India zimasungidwa ku British Library mu London, ndipo wofufuza za asilikali a ku Nyasaland angafunenso kukafika kunyumba yosungira zolembedwa zakale za boma ku Zomba. Komanso pali zokumbukira za nkhalamba, zimene wophunzira amakajambula mawu ake m'nyumba za anthu ndi m'makachisi.

Olemba oyamba anali alendo

Gawo lina la phunziroli limafufuza anthu amene analemba mbiriyo. M'zinenero za Azungu, oyamba kulemba anali antchito a boma la Angerezi ndi amishoni. Joseph Davey Cunningham anasindikiza buku la A History of the Sikhs mu 1849. Popeza anaulula zinthu zosakomera boma lake pa nkhondo yoyamba ya Angerezi ndi Asikhi, anachotsedwa pa udindo wake. Mjeremani wina, Ernest Trumpp, anamasulira mbali ya buku lopatulika m'Chingerezi mu 1877, koma mawu ake oyamba anali onyoza kotero kuti Asikhi anakhumudwa kwambiri. Max Arthur Macauliffe anayesa kukonza cholakwacho pogwira ntchito pamodzi ndi akatswiri a Chisikhi, ndipo mabuku ake asanu ndi limodzi otchedwa The Sikh Religion anatuluka ku Oxford mu 1909.

Nawonso Asikhi sanakhale chete. Bungwe la Singh Sabha, limene linayamba ku Amritsar mu 1873, linalimbikitsa sukulu, nyuzipepala ndi mabuku. Koleji ya Khalsa inakhazikitsidwa mumzinda womwewo mu 1892. Katswiri wina, Kahn Singh Nabha, analemba kabuku kotsutsa onena kuti Asikhi ndi nthambi ya Ahindu, ndipo mu 1930 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu ndi mbiri lotchedwa Mahan Kosh. India atalandira ufulu, ntchitoyi inaloŵa m'mayunivesite: Punjabi University ku Patiala mu 1962, kumene Ganda Singh anatsogolera kufufuza mbiri, ndi Guru Nanak Dev University ku Amritsar mu 1969.

Njira za kubalalika

Theka lachiŵiri la phunziroli limatsatira anthu amene anachoka ku Punjab. Zifukwa zake zinali zingapo. Minda ya makolo inkachepa poigaŵa kwa ana, msonkho unkafunika m'ndalama, ndipo Angerezi, makamaka chitatha chipolowe cha asilikali cha mu 1857, anakonda kulemba Asikhi usilikali ndi upolisi. Motero Apunjabi anafika ku Hong Kong, Shanghai, Singapore ndi Malaya, monganso anafikira ku Zomba. Msilikali akabwerera kumudzi ankasimba za malipiro a kutsidya kwa nyanja, ndipo abale ake ankanyamuka kulondola mapazi ake.

Kum'maŵa kwa Africa chinawakoka ndi njanji. Pakati pa 1896 ndi 1901 antchito pafupifupi 32,000 ochokera ku India, ambiri a iwo Apunjabi, anamanga njanji yochokera ku Mombasa kukafika ku Kisumu, ndipo pafupifupi 2,500 anafera pa ntchitoyo. Ambiri anabwerera kwawo, koma ena anatsala, ndipo pambuyo pake panabwera akalipentala, amisiri a zitsulo ndi omanga nyumba. Mmodzi wa ana a Apunjabi ameneŵa, Makhan Singh, anakhala mtsogoleri wa mabungwe a antchito ku Kenya, ndipo boma la atsamunda linamutsekera kuyambira mu 1950 mpaka mu 1961.

Ku Canada ndi ku America, Apunjabi ankagwira ntchito m'mafakitale ocheka matabwa, pa njanji ndi m'minda. Anamanga kachisi ku Abbotsford mu 1911 ndi ku Stockton, m'chigawo cha California, mu 1912. Koma maboma a kumeneko sanawafune. Canada anaika lamulo mu 1908 lakuti mlendo azifika pa ulendo umodzi wosaduka kuchokera kudziko lobadwira, podziŵa kuti panalibe sitima yoyenda motero kuchokera ku India. Pa 23 Meyi 1914 sitima ya Komagata Maru inafika ku Vancouver ndi anthu 376, ambiri a iwo Asikhi. Inaimitsidwa pa doko miyezi iŵiri, kenaka inabwezedwa ndi pafupifupi onse amene inabwera nawo. Itafika ku Budge Budge, pafupi ndi Calcutta, apolisi anawombera ndipo anthu pafupifupi 20 anafa. Mlandu suola: mu 2016 nduna yaikulu ya Canada, Justin Trudeau, inapepesa m'nyumba ya malamulo chifukwa cha nkhaniyi.

Mu 1947 Punjab anagaŵidwa pakati pa India ndi Pakistan. Anthu mamiliyoni ambiri anathaŵa kwawo, Asilamu kuloŵera kumadzulo, Asikhi ndi Ahindu kuloŵera kum'maŵa, ndipo ochuluka zedi anaphedwa panjira. Lahore ndi Nankana Sahib anatsala ku Pakistan. M'zaka zotsatira ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a ku Britain, nakhazikika ku Southall, Birmingham, Wolverhampton ndi mizinda ina. Kenaka kunafikanso a ku Kenya ndi a ku Uganda, makamaka Idi Amin atathamangitsa Amwenye mu 1972. Parminder Bhachu anafufuza za gulu limeneli m'buku lake la Twice Migrants la mu 1985, kusonyeza kuti anthu osamuka kaŵiri anali osiyana m'makhalidwe ndi anzawo ochokera ku Punjab mwachindunji. Kalembera wa mu 2011 anapeza Asikhi pafupifupi 20.8 miliyoni mu India, ndipo wa mu 2021 anapeza pafupifupi 772,000 ku Canada ndi 524,000 ku England ndi Wales.

Pamene mbiri inaloŵa m'bwalo la milandu

Wina angafunse kuti phindu la zonsezi nchiyani. Yankho limodzi linaonekera ku Britain. Mu 1978 sukulu ina ya ku Birmingham inakana kulandira mnyamata wa Chisikhi pokhapokha atavula chilemba ndi kumeta. Lamulo loletsa tsankho la mu 1976 linkateteza mitundu ya anthu, koma silinkatchula zipembedzo. Choncho funso linali lakuti: kodi Asikhi ndi mtundu kapena ndi mpingo chabe? Mabwalo aŵiri oyamba anaŵeruza mokomera sukuluyo. Koma mu 1983, pa mlanduwu umene umadziŵika ndi dzina lakuti Mandla v Dowell-Lee, oŵeruza a ku House of Lords anagamula kuti Asikhi ndi mtundu wotetezedwa ndi lamulo, chifukwa ali ndi mbiri yawoyawo yaitali imene amaikumbukira, ndiponso miyambo yawoyawo. Ufulu wa mwana kuvala chilemba kusukulu unatsamira pa umboni wa mbiri.

Kusadziŵa nakonso kuli ndi mtengo wake. Patapita masiku anayi kuchokera pa chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001 ku America, Balbir Singh Sodhi anawomberedwa ku Mesa, m'chigawo cha Arizona, ndi munthu amene anaona ndevu ndi chilemba namuyesa mnzawo wa zigaŵenga.

Chinthu china chimene chinafulumiza maphunziroŵa ndi zochitika za mu 1984. M'mwezi wa Juni asilikali a India analoŵa m'bwalo la kachisi wa Harmandir Sahib kukachotsa gulu la anthu onyamula zida. Anthu ambiri anafa, ndipo nyumba ya mabuku ya Sikh Reference Library, mmene munali zolembedwa zakale zapamanja, inapsa. Pa 31 Okutobala nduna yaikulu, Indira Gandhi, inaphedwa ndi alonda ake aŵiri a Chisikhi, ndipo m'masiku otsatira Asikhi pafupifupi 3,000 anaphedwa mu Delhi. Asikhi a kunja anazindikira kuti anansi awo sankadziŵa kanthu za iwo, ndiponso kuti ana awo obadwira kunja anali kuiŵala Chipunjabi. Anayamba kusonkha ndalama kuti mayunivesite azilemba aphunzitsi okhazikika a phunziroli. Udindo wotere unakhazikitsidwa pa University of British Columbia ku Canada, ndipo ina inatsatira ku Michigan, ku Hofstra, ndi ku Santa Barbara, kumene ndalama zake anapereka ndi Narinder Singh Kapany, katswiri wa sayansi ya kuŵala.

Mkangano wa chikhulupiriro ndi umboni

Apa ndipo panabuka vuto lalikulu. Opereka ndalama ankayembekezera kuti yunivesite idzafotokoza chipembedzo chawo monga iwo amachidziŵira. Koma yunivesite ili ndi mwambo wake wofunsa mafunso pa chilichonse, ndipo silola wopereka ndalama kulamula zimene mphunzitsi anene.

W. H. McLeod, wa ku New Zealand, anapita ku Punjab monga mmishoni mu 1958, naphunzira Chipunjabi, ndipo kenaka anachita maphunziro apamwamba ku London. M'buku lake la Guru Nanak and the Sikh Religion la mu 1968 anapenda nthano za janamsakhi imodzi ndi imodzi, napeza kuti zoŵerengeka zokha ndizo zingatsimikizidwe ndi umboni wa mbiri. Akatswiri ambiri anayamikira luso lake. Koma kwa okhulupirira ambiri zinali ngati mlendo wafika pamudzi nkuyamba kutsutsa zimene agogo anasiyira adzukulu awo.

Wophunzira wake, Pashaura Singh, amene ndi Msikhi wopembedza, analemba kafukufuku wake ku Toronto mu 1991 poyerekeza mipukutu yakale ya buku lopatulika kuti aone mmene linasonkhanitsidwira. Ena anati wanyoza Guru. Mu 1994 anakaonekera pamaso pa Akal Takht ku Amritsar, bwalo lalikulu koposa la chipembedzocho, ndipo analandira chilango cha chipembedzo modzichepetsa. Pambuyo pake anapitiriza ntchito yake ya uphunzitsi ku Michigan ndi ku Riverside. M'chaka chomwecho cha 1994 Harjot Oberoi wa ku British Columbia anatulutsa buku la The Construction of Religious Boundaries, mmene ananena kuti m'zaka za m'ma 1800 malire a pakati pa Asikhi ndi anansi awo sanali okhwima monga a lero, ndipo kuti a Singh Sabha ndiwo anawakhwimitsa. Madandaulo anachuluka kotero kuti patapita zaka zochepa anatula pansi udindo umene Asikhi anausonkhera ndalama, ngakhale anapitiriza kuphunzitsa pa yunivesite yomweyo.

Mbali zonse ziŵiri zinali ndi mfundo. Ofufuza ankati mbiri yosaloledwa kufunsidwa siingatchedwe phunziro, ndipo mtundu umene ufuna kulemekezedwa pa yunivesite uyenera kulola kuti zakale zake zipimidwe ndi muyeso womwewo umene umapimira za Akhristu, Ayuda ndi Asilamu. Okhulupirira ankati iwo ndi anthu ochepa amene anaonapo kale mmene cholembera cha mlendo, monga cha Trumpp, chimapwetekera, ndipo kuti mikanganoyi inabwera pamene mabala a 1984 anali asanapole. Ankaopa kuti mawu olembedwa ku Toronto adzagwiritsidwa ntchito ndi adani awo ku India. Ankatinso buku limene kwa iwo ndi Guru wamoyo silingagwiridwe ngati mpukutu wamba.

Mmene zinthu zasinthira

Mkanganowo sunathe, koma unaphunzitsa mbali zonse. Ambiri a aphunzitsi a nthambiyi tsopano ndi Asikhi eni ake, ena a iwo adzukulu a anthu aja osamuka. Mafunso nawo achuluka. Nikky-Guninder Kaur Singh analemba za malo a akazi m'chiphunzitso cha Chisikhi. Karen Leonard, m'buku lake la mu 1992, anafufuza za mabanja a alimi a Chipunjabi amene anakwatira akazi a ku Mexico ku California panthaŵi imene malamulo ankawaletsa kuitanitsa akazi kuchokera kwawo. Ena akufufuza za kusankhana mitundu kumene kukalipo pakati pa Asikhi ngakhale Aguru anakuletsa, nkhani imene siikondweretsa aliyense koma ili ndi umboni wake. Nkhani imeneyi imakhudzanso asilikali oyamba a ku Zomba aja, popeza anali a gulu la Mazhabi, Asikhi amene makolo awo anachokera m'mitundu yonyozeka. Kwa anthu otero usilikali unali njira ya malipiro ndi ulemu zimene kumudzi kwawo zinali zosoŵa.

Wophunzira amene amaliza bwino phunziroli amatuluka ndi maluso aŵiri. Amatha kusiyanitsa chimene umboni ukunena ndi chimene anthu amakhulupirira, ndipo amatha kufotokoza zonse ziŵirizo popanda kunama ndiponso popanda kunyoza. Akaloŵa mu gurdwara kukafunsa mafunso amavula nsapato, amaphimba kumutu, amakhala pansi nadya langar pamodzi ndi eni ake. Akabwerera kukalemba, amalemba zimene wapeza, ndipo amakhala wokonzeka kubwereranso kwa anthu omwewo kukawaŵerengera.